Chipata cha Baba pa Njira ya Ndege

Amuna anga anali munthu wosakhulupirira chinthu chimene sanachione ndi maso awo. Ndikawauza kuti ndiwo ndathira kale mchere, ankalawa kaye asanayankhe. Akazi anzanga pa esiteti ya nzimbe ku Chikwawa ankandisirira kuti ndinakwatiwa ndi woyendetsa ndege, koma akanadziwa kuti tebulo langa lodyera ndinkangoliona ngati la eni, kusirirako akanakusiya. Tebulo limenelo linali la mapu. Ine ndi mwana wathu tinkadyera pa mphasa, mapu atakhala pamwamba ngati alendo olemekezeka.

Ndege yake inali yaing'ono, ya kampani, yokwera anthu ochepa. Inkanyamula mabwana, nthawi zina odwala, ndipo boma likaifuna silinkapempha kawiri. Zaka zomalizira za chipani chimodzi anaikamo kabokosi katsopano kolandira uthenga kuchokera ku makina oyenda mumlengalenga. Kankauza woyendetsa pamene wafika, poti akhotere ndi poti ayambire kutsika. Njira zonsezo ankazilowetsamo anthu a ku ofesi ya mumzinda, n'kutumizanso pepala la bwalo lililonse lotererapo, lokhala ndi chidindo chachikulu. Oyendetsa achinyamata anakondwa nako kabokosiko ngati apatsidwa mkazi wachiwiri. Amuna anga ankangokayang'ana cham'mbali.

"Kanthu aka n'kanzeru," anandiuza tsiku lina, "koma kamadziwa zokhazo zimene anakauza. Zimene zamera dzulo sikazidziwa."

Choncho ulendo usanachitike, ine ndinkawerenga mokweza manambala a papepala, iwo akutsatira pa mapu ndi rula ndi pensulo, kenako n'kukayerekeza ndi za m'kabokosi. Ndinkanyinyirika, sindibisa. Ine ndinaphunzira uphunzitsi, osati ukalaliki wa ndege. Ndipo sizinkathera pa tebulo. Bwalo limene sanaterepo chigwereni mvula ankalipitira pa galimoto, kukaliponda ndi mapazi. Kwina ankapeza chulu chitamera pakati, kwina munthu atalimapo mapira ake osapempha. Akafika ankaima pamalo pamene matayala amayenera kugunda pansi, n'kutembenukira kumene ndege imachokera potera, n'kutambasula mkono, zala ziwiri zitagona chopingasa pamwamba pa nthaka. Chilichonse chotulukira pamwamba pa zalazo ankachitcha mdani. Ndinkawaseka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iwo ndiye ankafuna aone ndi nsidze zomwe.

Uthenga unabwera m'chilimwe, dzuwa la kuchigwa litafika poti ndi mbuzi zomwe zimakana kuchoka pamthunzi. Nduna ina inkakachititsa msonkhano kwathu kwa Ndamera, ndipo inkafuna ndege. Ine ndinakondwa. Ndinati anthu akwathu aone tsopano kuti za mkamwini wouluka sizinali zokokomeza za baba.

Bwalo la kwathu linali lakale ndi lalifupi, la ndege zopopera thonje. Mbali ina linaloza kumapiri, mbali ina kudambo, ndipo kuseri kwa dambolo kunali Shire. Kutsidya kwa Shire, m'dziko la eni, kunali nkhondo. Mfuti zinkamveka ngati anthu akusinja patali, ndipo othawa anali atamanga misasa m'mbali mwa msewu wonse. Pepala ndi kabokosi zinagwirizana kuti ndege itsike kuchokera kumapiri, mphuno itayang'ana mphepo ya mwera, ndipo panjirapo palibe chotchinga. Pa mapu zonse zinakwananso. Amuna anga anapinda mapuwo n'kunena kuti, "Mawa tikawaone apongozi." Ndinadziwa kuti apongozi akewo ndi bwalo la ndege.

Baba anali kalipentala, komanso tcheyamani wa nthambi ya chipani. Anali munthu wanthabwala, wokonda kuti ntchito ya manja awo ioneke. Bokosi la maliro ankalipala mpaka munthu kudzionera nkhope, akuti womwalira asakachite manyazi kumene akupita. Anabadwira kutsidya, n'kuwoloka ali wa kumsana, koma chimenecho anthu sanachiiwale. N'chifukwa chake pamsonkhano ankafuula kuposa onse. Wobadwira kuno akalakwa ankati walakwa. Wobadwira kutsidya akalakwa ankati wadziulula.

Tinadutsa zipata zingapo za apolisi ndi za ofunsa makhadi a chipani, fumbi lili m'mano. Kumudzi tisanafike amuna anga anakhotera ku bwalo, ndipo ndinachiona tili patali. Kumapeto kwa bwalo, mbali ya kumapiri, pamene msewu wa kumudzi umayambira, panaima chipata cholandirira alendo. Panali milongoti iwiri ya bulugamu yotalika kuposa denga la tchalitchi, mtanda wopingasa pamwamba, nsalu, masamba a mgwalangwa ndi mbendera. Pakati penipeni, pamwamba pa zonse, panali chithunzi chachikulu cha mwini dziko, m'felemu yonyezimira imene ndinaizindikira msanga kuti ndi ya manja a baba. Kunena zoona, mtima wanga unanyada. Chaka cham'mbuyo a kwa Mbenje anamanga chipata chawo chimene anthu anachikamba mpaka kukolola, ndipo baba analumbira kuti chawo mlendo adzachiona akadali m'mwamba.

Amuna anga anaimitsa galimoto. Anatsika, anayenda mu udzu wopserera mpaka pamalo pawo paja, anatembenuka, n'kutambasula mkono. Masiku onse mkonowo unkatsika msanga. Tsiku limenelo unakhalitsa.

"Chatulukira?" ndinafunsa.

"Chatulukira chonse. Ndi chithunzi chomwe."

"Simungachidumphe?"

"Ndingachidumphe. Koma ndikatero matayala akagunda pakati pa bwalo, ndipo chotsalacho sichikwana kuimitsa ndege yodzaza m'kutentha kuno. Tikathera m'dambo. Ndikati nditsike monga pepala likunenera, ndiwomba mtanda uwo."

"Nanga mutachokera kumtsinje?"

"Ponyamuka ndege imakhota msanga. Potera imafuna njira yaitali yowongoka, ndipo njira imeneyo ikuyambira kutsidya, pamwamba pa mfuti, mphepo ili kumbuyo kundikankha."

Tili mkati molankhula tinamva munthu akukhosomola kumbuyo kwathu. Anali mkulu wa anyamata a malaya ofiira, amene ankalondera chipatacho. Ndinkamudziwa bwino. Tinaphunzira limodzi, m'kalasi mutu wake unali wa gumbwa, wosagwira kanthu, koma chipani chinamupatsa ndodo. Mpando wa baba anayamba kuufuna kalekale, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

"Mwaswera, bwana," anatero akumwetulira. "Ndimati ndikukumbutseni pang'ono. Kwathu kuno chithunzi icho sitichiloza ndi zala. Ndipo tikati tikweze, timakweza chala chimodzi, cha chipani chimodzi."

Amuna anga anapepesa, n'kunena kuti amayesa mphepo. Iye anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene watola kanthu n'kukaika m'thumba.

Kunyumba anatiphera nkhuku. Amuna anga anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa msawu, chapatali ndi baba. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake amapatsana moni, amafunsana za mvula, basi. Nkhani yolemera sidutsa pakati pawo yokha, imadzera mwa munthu. Choncho baba ankalankhula ndi ine, koma mokweza, kuti mawu akafike pansi pa msawu.

"Mwananga, wachiona? Simenti yake inachokera kuboma, si matope ayi. Chimphepo chibwere, nkhabe, sichigwa chimenecho. Uwauze akamwini kuti pobwera asavutike n'kufunafuna. Angolunjika pa chithunzipo basi."

Amuna anga anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinabweza nyama m'mbale.

Masana tinapita kuboma ku Nsanje kuti akaimbe foni ku positi. Ndinaima pakhomo, ndikumva mbali yawo yokha. Anati pa bwalo pali chotchinga. Anamvetsera. Anati, "Chipata." Anamvetseranso nthawi yaitali. Za chithunzi sanatchule, chifukwa foni za masiku amenewo zinkalankhulidwa ndi awiri koma kumvedwa ndi atatu. Atatuluka anandiuza kuti ku ofesi ati pepala ndi lodinda, ndipo palibe munthu amene angalembe ndi dzanja lake kuti chipata cholandirira nduna chichoke. Atinso ngati akudwala anene, atumiza mnyamata wina.

"Ndiye nenani kuti mukudwala!"

"Mnyamatayo atsatira kabokosi. Ndi utsi wa lupsa uli m'mwambawu, mtanda uja adzauona ali nawo pamphuno. Ndiponso munthu wokwatira mwana wa wobadwira kutsidya akadwala tsiku la nduna, mukuganiza kuti amutengera kuchipatala?"

"Ndiye mutani?"

"Ndiuluka. Ndikangodutsa mtanda ndiyesa kuigwetsera pansi msanga."

"Zimatheka zimenezo?"

"Nthawi zina."

Munthu wosakhulupirira mchere wa m'ndiwo akundiuza kuti nthawi zina. Mantha amene anandigwira pakhomo pa positi paja sindinawamvepo chibadwire.

Msonkhano unali mkuja. Iwo anayenera kubwerera ku esiteti kukatenga ndege, ine ndinayenera kutsala, chifukwa mwana wa tcheyamani sakanasowa pa mzere wa amayi ovina. Asanakwere galimoto ananyamula mwana wathu n'kumugwira nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka mwanayo anayamba kuphiriphitha. Kenako ananditengera pambali.

"Apongozi musawauze. Khoswe wakhala pa mkhate ameneyu. Akachigwetsa chipata chija, agwa nacho."

Ndinavomera ndi mutu. Fumbi la galimoto lisanathe n'komwe, ndinali ndili pakhomo pa shedi ya baba. Ndinawapeza akupala mipando ya alendo. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma pakamwa panga sipanagwade.

"Baba, chipata chija chaima pa njira ya ndege."

Anaseka mpaka kutsamira pa benchi. "Ndege ili ndi njira? Thambo lonseli lachepa?"

Ndinawafotokozera zonse, za bwalo lalifupi, za dambo, za mfuti za kutsidya, ndi za zala ziwiri zomwe. Ndinawauza ndi malo amene amuna anga anaima. Kuseka kuja kunauma pang'onopang'ono.

"Akamwini akutuma?"

"Andiletsa."

"Achita bwino. Iwe ukudziwa chimene chili pamwamba paja? Kukweza chithunzi ndi chikondwerero, koma kuchitsitsa ndi maliro. Ine wobadwira kutsidya ndigwire sowo pa chipata cha chipani, nduna ili panjira? Shire ali pafupi apa, mwananga, ndipo ng'ona zake sizifunsa khadi."

"Ndiye bokosi la mkamwini wanu muyambiretu kulipala. Mulipale bwino, lizionetsa nkhope, asakachite manyazi kumene akupita. Lumo londimetera umasiye mulinolenso nokha."

Pakamwa pameneka ndinatengera iwo omwe, ndipo ankadziwa. Anaika chopalira pansi pang'onopang'ono, n'kunena mawu amodzi amene anali asanandiuzepo.

"Tuluka."

Panja amayi anga anandikoka mkono mpaka kuseri kwa nkhokwe. "Mwana iwe, shedi iyi ndi ya bango. Mawu amadutsa." Tinayang'ana kumsewu. Kunali amayi awiri atasenza mitsuko, akuyenda mosafulumira, ndipo sitinadziwe ngati amva kapena ayi. Masiku amenewo munthu sunkadziwa. Unkadziwa galimoto ikaima pakhomo.

M'mawa mwake baba sanandilankhule. Tsiku lonse tinali pa bwalo la sukulu kukonzekera magule, m'mwamba muli utsi wokhawokha, dzuwa litafiira ngati diso la munthu wodwala. Mfuti za kutsidya zinkamveka pakati pa ng'oma, ndipo amayi ena ankakweza mawu dala kuti asazimve. Chakumasana ndinawaona baba akuyenda okha pa bwalo la ndege. Anakaima pamalo paja. Anatembenukira kumapiri, n'kutambasula mkono, diso limodzi atatsinzina monga ankachitira poona ngati thabwa lawongoka. Anasuntha pang'ono kutsogolo, anayesanso. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso. Pansi pa mlongoti umodzi panali patakhala wa malaya ofiira uja, ndodo ili pamiyendo, akuwayang'ana.

Dzuwa litapendeka baba anakhala pansi pa msawu n'kuyamba kunola sowo ndi tupa. Amayi anafunsa kuti ndi ya ntchito yanji. Anati pali madesiki a sukulu akudikira. Palibe anawatsutsa. Kulira kwa tupa kuja mpaka lero ndikakumva m'shedi ya wina aliyense, mano amandiyayamira. Ndinkafuna kupita kukagwada n'kunena kuti zisiyeni, koma ndikaganiza za amuna anga ndinkaleka. Ndinakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, ndikuopa kuti adula, ndikuopanso kuti sadula.

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza m'mbali mwa bwalo dzuwa lisanakwere. Ife amayi tinali titavala nsalu za nkhope ya mwini dziko, ana a sukulu ali ndi timbendera m'manja. Baba anabwera atavala malaya oyera ndi tayi ndi jekete ya misonkhano. Anali ndi chingwe paphewa, sowo m'manja, ndipo amuna awiri a nthambi anali atasenza makwerero aatali amene anakhomera ntchito ya chipata yomweyo. Amunawo ankayesa kuti tcheyamani akukawongola chithunzi, ndipo anthu onse ankayesa choncho.

Anakwera pang'onopang'ono, munthu wa imvi. Atafika pamwamba anamasula chithunzicho, anachimanga ndi chingwe, n'kuyamba kuchitsitsa mosamala ngati akutsitsa mwana pa ngolo. Ng'oma zinayamba kuleka imodziimodzi. Pamene ankatsika makwerero, khamu lonse lija linali litangoti zii, moti ndinkamva mbendera zikupepeluka. Anavula jekete, anapukuta nayo galasi la chithunzi, n'kukachikhazika pa mpando wokonzera nduna, chitayang'ana anthu. Kenako anabwerera, anagwada pa mlongoti woyamba, n'kuyamba kucheka pansi penipeni, pamene mtengo unatulukira mu simenti.

Palibe anawathandiza. Amuna awiri aja anabwerera chafutambuyo n'kusowa m'khamu. Palibenso anawaletsa, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chimenecho. Wa malaya ofiira uja sanakweze ndodo. Anangonong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kupalasa njinga kulowera kumsika kumene kunali galimoto ya anthu a chitetezo amene anatsogola kudzadikira nduna. Iye anapinda manja n'kuimirira. Ankadikira kuti mlandu upse bwino.

Bulugamu wamuwisi savomera sowo msanga. Malaya oyera aja anamatirira pamsana. Mlongoti woyamba unalira, unapendekera, n'kugwa ndi mtanda womwe, fumbi koboo, ana a sukulu n'kubalalika. Wachiwiri unatsala chiimire wokha, nsalu zikulendewera. Pamenepo fumbi la galimoto linaoneka kumsewu wa kumsika. Baba analiona. Nthawi yogwada inali itatha, choncho anacheka ataimirira, pa msinkhu wa m'chiuno, mwachangu chimene sindinawaonepo nacho pa ntchito. Mlongotiwo unagwa galimoto ikuima.

Baba anawerama kuti afupikitse chitsa chotsalacho. Munthu wovala magalasi akuda anawagwira dzanja.

"Ndisiyeni ndimalize chitsa ichi," anatero baba. "Chatalika."

Anawalanda sowo, n'kuwamenya ndi chigwiriro chake pa dzanja lomwelo. Ine ndinafuna kuthamanga, koma amayi anga anali atandigwira nsalu kumbuyo, zikhadabo zawo zili m'chiuno mwanga. "Ukapita atenga awiri," anandinong'oneza. Baba sanayang'ane kumene tinaima, ndipo ndikudziwa kuti anachita dala. Ali pakhomo pa galimoto anatembenukira khamu n'kufuula ndi mawu awo a pamsonkhano aja.

"Kokani mitengoyo ichoke pa bwalo! Mwangoima mukuyang'ana chiyani?"

Anthu anali atazolowera kumvera tcheyamani. Asanaganize n'komwe, amuna anathamanga n'kuyamba kukoka. Galimoto inapita, ndipo sinalowere kumsika kumene inachokera.

Sipanapite nthawi, wina anakuwa kuti ndege ikumveka. Wa malaya ofiira uja, amene tsopano ankayenda ngati mwini mudzi, analamula kuti ng'oma ziyambe. Chithunzi anali atachipachika kale pa nsanja. Ndinavina. Anthu amene sanakhalepo masiku amenewo amandifunsa kuti ndinavina bwanji bambo anga atangotengedwa kumene. Ndinavina ndi miyendo, ndinaimba ndi pakamwa, maso ali kumapiri.

Ndege inatulukira mu utsi mwadzidzidzi, ili m'mwamba kuposa mmene ndinkaionera ikamatera kwina, chifukwa amuna anga ankabwera atakonzekera kudumpha chipata. Kenako ndinaona mphuno yake ikutsika. Anali ataona kuti njira yatseguka. Inadutsa pamalo penipeni pamene chithunzi chinali m'mawa womwewo, matayala n'kugunda pansi chapafupi ndi pamene baba anaima dzulo lake. Inathamanga, inathamangabe, fumbi lili pambuyo, n'kukaima bango la kudambo lili pafupi moti mbalame zinauluka. Ndi njira yotseguka yomweyo, bwalo linangokwanira ndendende. Amayi a pambali panga anandigwira mkono osaleka kuimba.

Nduna inatsika ikupukuta thukuta m'khosi, ikumwetulira, yosadziwa kanthu. Amuna anga anatsika pomalizira. Anayang'ana kumapeto kwa bwalo, kumene chitsa chachitali chija chinaima chokha. Anayang'ana pa mzere wa akuluakulu olandira alendo, kufuna apongozi awo kuti awagwadire ndi maso. Pamalo pa tcheyamani panaima munthu wa malaya ofiira. Kenako anayamba kufunafuna pa mzere wa amayi mpaka anandipeza. Ine ndinkaimbabe, misozi ikulowa m'kamwa. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, ndipo anthu anayesa kuti akulemekeza nyimbo.

Kumene anawapititsa baba palibe anatiuza. Ku polisi ankati sakuwadziwa. Kufunsa kwambiri kunali kudziitanira, choncho tinkafunsa monong'ona kwa oyendetsa malole ndi kwa akazi a asilikali a kundende. Shedi inatsekedwa. Amene ankabwera kudzaseka nthabwala za baba anayamba kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi. Amayi anga sanamete, sanalire maliro, ankangosesa m'shedimo ndi kupaka mafuta pa zitsulo kuti zisachite dzimbiri. Amuna anga anaitanidwa kukafunsidwa za zala zija, koma nduna inali itayamikira kateredwe kawo, ndiye anawasiya.

Mapu anabwerera pa tebulo, ndipo ine sindinanyinyirikenso. Ndinkawerenga manambala mpaka atanena okha kuti basi. Koma ndikawayang'ana amuna anga ali amoyo, akulawa ndiwo ngati kale, ndinkathokoza, kenako n'kuchita manyazi ndi kuthokozako. Iwonso sanandifunsepo chifukwa chake sindinawamvere. Tinkadziwa tonse mtengo wake, ndipo tinkadya nawo, kugona nawo. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso, mwana wathu anayamba kuiwala nkhope ya agogo ake.

Zinthu zitayamba kusintha m'dziko, andende ena anayamba kumasulidwa. Uthenga unatipeza ku esiteti kuti baba atsika pa lole ya thonje, ndipo ali kunyumba. Tinanyamuka osatseka ndi mawindo omwe.

Tinawapeza atakhala pansi pa msawu. Anali atachepa ngati mwana, mano akutsogolo palibe, ndipo dzanja lamanja linali litapindika, zala zitauma moti chopalira sichikanakhalamonso. Ndinagwada n'kugwira mapazi awo. Ananditsitsira dzanja lamanzere pamutu. Amuna anga anagwada chapatali, pa dothi, n'kuwomba m'manja nthawi yaitali, nkhope ili pansi.

Tinapatsana moni, tinafunsana za mvula. Za kundende sanakambe, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kukweza mawu pang'ono monga kale, kuti akafike kumene mkamwini wawo anagwada.

"Mwananga, uwafunse akamwini. Ine anandichotsa ndege isanabwere. Malo aja anakwana?"

Nthawi yonse ija baba anakhala osadziwa. Palibe anawauza ngati mkamwini wawo anatera kapena anathera m'dambo, mpaka pamene amayi anawauza pakhomo tsiku lobwera. Ndinatembenukira kwa amuna anga. Iwo anayankha ndisanafunse, maso ali pa ine monga mwambo umafunira.

"Muwauze apongozi kuti anakwana."

Baba anapumira m'mwamba, n'kutsamira pa tsinde la msawu.

"Pyadidi, zili bwino," anatero. "Chimene chinkandisowetsa tulo ndi chitsa chija. Ndinachisiya chachitali."